Sitolo ya pa intaneti: ndinayambira denga, maziko ndilibe

Uthenga unafika usiku ndikutseka kagolosale kanga pa Mzimba boma. Inali voice note ya akulu anga a ku Joni, ndipo mawu awo ankamveka a munthu woti wamaliza kale kuganiza.

"Iwe, kunotu anthu anasiya kuima pamzere m'mashopu. Amangodina pafoni, katundu n'kuwapeza pakhomo. Tsegula webusaiti ngati Takealot. Ndalama ndikuponyera mawa pa Mukuru."

Mawa lake ndalama inafikadi, R3 000 yathunthu. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, webusaiti ija inali italandira oda imodzi yokha. Woodayo anali akulu anga omwewo, ati amafuna kuona ngati batani likugwira ntchito.

Lero nkhaniyi ndimaikamba moseka, koma nthawi imeneyo sinali yoseketsa. Ndalama ija linali thukuta la munthu wosamalira maluwa pakhomo pa eni ake ku Johannesburg, wogona chipinda chimodzi ndi anzake atatu kuti asungeko kenakake. Ndikuilemba chifukwa sabata iliyonse ndimaona achinyamata anzanga akufunsa funso lomwe ine ndinathamangira: "Kodi pulatifomu yabwino yotsegulira sitolo pa intaneti ndi iti?" Wina amati Shopify, wina WooCommerce, wina TikTok. Onse amayankha asanafunse n'komwe kuti mukugulitsa chiyani, kwa ndani.

Geni yanga ndi yotani

Kwathu ndi ku Engutwini. Kuno ku Mzimba n'kovuta kupeza banja lopanda m'bale ku South Africa. Zinayamba kale, agogo athu akupita kumigodi kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo lero anyamata ndi atsikana akupita paokha, ambiri ndi matransipota.

Anthu amenewa ali ndi dandaulo limodzi. Ndalama yotumiza kumudzi siifika yonse pa chimene inatumizidwira. Munthu atumiza ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira a amama ake, koma wokatenga ndalamayo paboma amadutsira kaye kwinakwake, pofika kunyumba yatsala theka. Ukamufunsa amati zinthu zakwera. Mwina zakweradi, koma uli ku Joni ungatsimikize bwanji?

Apa ndi pamene panabadwira geni yanga. Akulu anga anayamba kunditumizira ndalama ine, n'kunena zofunika kunyumba. Ine ndimalongedza, wakabaza wa njinga yamoto amakasiya kumudzi, kenako ndimatumiza chithunzi cha amama atanyamula katundu wawo. Anzawo a akulu ataona chithunzicho anati, "Nafenso tipatseni nambala ya mng'ono wanuyo." Posakhalitsa ndinali ndikutumiza katundu ku Manyamula, ku Kazomba, ku Embangweni, mpaka ku Edingeni. Sukulu zikamatsegulira mu September amaoda makope ndi zolembera. Mvula ikamayandikira amaoda mbewu ndi feteleza.

Zonsezi zinkayenda pa WhatsApp wamba. Ndiye akulu ataona kuti geni yayamba kununkhira, anafuna kuti ioneke ngati mabizinesi amene amaona ku Joni. Inenso mtima unakondwa. Ndani safuna kutchedwa mwini wa webusaiti?

Mmene ndalama inapitira

Ndinapeza mnyamata wina wa kutauni wodziwa za makompyuta. Sanandibere ayi, ntchito anaigwira. Webusaiti inatuluka yokongola, zithunzi zowala, dzina langa pamwamba. Ndinagawa linki paliponse, n'kukhala phee kudikira maoda.

Maoda anapitiriza kubwera, koma pa WhatsApp.

Ndinayamba kufunsa makasitomala anga mmodzimmodzi chifukwa chimene sakugwiritsira ntchito webusaiti. Mayankho awo ndiwo anali sukulu yanga.

Woyamba anati linki siikutseguka. Anali ndi bandulo la WhatsApp lokha. Kaya ndi kuno kaya ndi ku Joni, makampani a foni amagulitsa mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook, otsikirako mtengo, ndipo ambiri a ife timadalira amenewo. Munthu wotere ukamupatsa linki yopita kunja kwa WhatsApp, foni imangozungulira basi.

Wachiwiri anatsegula, koma webusaiti inamufunsa imelo, pasiwedi ndi khadi la kubanki. Iyeyo malipiro ake amalandirira pamanja, khadi alibe.

Wachitatu anakakamira pa bokosi lolembapo adiresi. Anandiseka: "Aise, ndilembe msewu wanji? Kwa agogo ndi kuseri kwa tchalitchi cha CCAP, ukadutsa mjigo, nyumba yamalata yachiwiri." Malangizo otere amakwana mu voice note ya Chitumbuka, osati m'kabokosi ka Chingerezi.

Kenako inafika November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700. Mitengo kokapikula inayamba kusintha sabata ndi sabata. Pa webusaiti panali patalembedwa mitengo yakale, ndipo ine sindinkadziwa kuisintha ndekha. Ndimayenera kuimbira mnyamata uja, iye n'kusintha akapeza mpata.

Chaka chitatha, inakwana nthawi yolipiranso domain ndi hosting, ndiye kuti dzina la webusaiti ndi malo amene imasungidwa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zonse zinalembedwa m'dzina la mnyamata uja, osati langa. Sindinalipire. Webusaiti inazimiririka, ndipo palibe kasitomala ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti yapita kuti.

Safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo, aliyense wondifunsa za pulatifomu ndimamubwezera mafunso asanu.

Funso loyamba: wogula wanu ali kuti?

Wogulitsa tomato pa Jenda amakhala m'mphepete mwa msewu wa M1 chifukwa magalimoto amadutsa pamenepo. Sangakamange benchi yokongola kudimba n'kumayembekeza kuti apaulendo akhotera kumeneko. Pa intaneti n'chimodzimodzi. Webusaiti yatsopano ili ngati benchi ya kudimba: palibe amadutsapo pokhapokha mutamukoka ndi dzanja, ndipo kukoka anthu kumafuna ndalama zotsatsira malonda.

Tengani makasitomala anu khumi omaliza, muone mmene anakupezerani. Anga onse khumi anandipeza pa WhatsApp, ndiye ndinabwerera komweko, koma ulendo uno pa WhatsApp Business.

Imeneyi ndi app yaulere yomwe inatuluka mu 2018. Ili ndi catalogue momwe mungaikemo katundu mpaka 500, chilichonse ndi chithunzi, mtengo ndi kufotokoza kwake. Mtengo ukasintha ku holoselo m'mawa, ndimausintha ndekha ndili pamzere womwewo. Kasitomala amatha kusankha zinthu zingapo n'kuzitumiza ngati oda imodzi, osachoka pa WhatsApp. Ili ndi mayankho osungiratu, moti nambala yolipirira sindiilemba kakhumi patsiku. Ilinso ndi njira yoikira chizindikiro pa macheza alionse. Anga ndinawagawa panayi: waoda, walipira, katundu wanyamuka, katundu wafika.

Kufooka kwake n'kwakuti WhatsApp sikubweretserani anthu achilendo. Status yanu imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana manambala, ndipo imafufutika pakatha maola 24. Broadcast imatenga anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu.

Anthu achilendo amapezeka pa Facebook. Tsamba la bizinesi ndi laulere, ndipo magulu ogulitsirana malonda ndi magulu a anthu a kwathu okhala ku South Africa ndiwo msika weniweni. Koma kumeneko kuli phokoso. Mukaika katundu, anthu 30 amalemba "zingati?" ngakhale mtengo mwaulemba kale, ogula n'kukhala awiri. Nzeru yake ndi kuika batani kapena linki ya WhatsApp pa chilichonse chimene mwaponya, kuti wofunadi kugula asamukire kumene mungakambirane bwino.

TikTok ndi Instagram zimakomera katundu wogulidwa ndi maso: zovala, nsapato, tsitsi, makeke. Mlamu wanga wogulitsa kaunjika akamatsegula belo pa vidiyo, anthu amalimbirana madiresi asanawagwire n'komwe. Koma vidiyo imadya bandulo, lanu ndi la wogula. Ndipo ine paketi ya shuga ndingaivinitse bwanji?

Funso lachiwiri: alipira bwanji?

Mapulatifomu ambiri otchuka anapangidwira mayiko amene aliyense ali ndi khadi la Visa kapena Mastercard. Kuno ndalama imayenda pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, pa *211# ndi *444#, komanso pa njira za mabanki monga Mo626 ya National Bank. Makasitomala anga a ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. Pulatifomu imene siingathe kukumana ndi njira zimenezi, kwa ife ndi sitolo yopanda kauntala.

Ngati mukufunadi kuti anthu azilipirira pa webusaiti pomwepo, pamafunika kampani yolumikiza webusaitiyo ndi mobile money. Kuno kwathu kuli makampani otere, monga PayChangu, amene amalola wogula kulipira ndi Airtel Money, Mpamba kapena khadi. Musanalembetse ndi kampani iliyonse yotere, funsani zinthu zitatu: amadula zingati pa malonda alionse, ndalama imatenga masiku angati kuti ifike kwa inu, ndipo amafuna mapepala anji. Kawirikawiri amafuna bizinesi yolembetsedwa, ndiye konzekerani kupita kwa Registrar General, kutenga TPIN ku MRA, osaiwala chiphaso cha malonda kukhonsolo, kwa ife kuno ku M'mbelwa.

Pa nkhani ya malipiro ndinapsaponso kachiwiri. Munthu wina wachilendo anaoda katundu wambiri ndithu, n'kunena kuti wakabaza wake ali panja akudikira. Foni yanga inalira, uthenga n'kulowa wooneka ngati wochokera kukampani ya foni, wonena kuti ndalandira ndalama. Ndinapereka katundu. Madzulo ndikuwerengera, ndinapeza kuti muakaunti simunalowe ngakhale tambala. Uthenga uja unachokera pa nambala wamba, anangoulemba mofanizira.

Lamulo langa tsopano ndi limodzi: screenshot si ndalama, SMS si ndalama. Ndimalowa ndekha muakaunti kuona balansi, kenako katundu amatuluka. Wofulumizitsa kwambiri ndiye ndimamukayikira kwambiri. Wina akaimba kuti "ndatumiza molakwitsa, bwezani", ndimamuuza kuti aimbire kampani ya foni.

Chinanso, siyanitsani nambala ya geni ndi nambala yanu. Mpamba ukasakanikirana ndi ndalama ya ndiwo, umatha osatsanzika. Geni ikakula, funsani kukampani ya foni za nambala ya amalonda, imene wogula amaona dzina la bizinesi yanu polipira. Zimapatsa chikhulupiriro.

Funso lachitatu: katundu afika bwanji?

Chimene akulu anga sanachione pa Takealot ndi chimene chili kuseri kwa batani. Kampaniyi, yomwe inayamba mu 2011 ku Cape Town, ili ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, magalimoto ndi njinga zamoto zokasiya katundu, ndipo imagwira ntchito m'mizinda momwe nyumba iliyonse ili ndi nambala ndi dzina la msewu. Webusaiti ndi nkhope chabe. Bizinesi yeniyeni ndi mayendedwe a katundu.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, ndipo misewu yambiri yolowera m'midzi ndi yafumbi. Kuyambira December mpaka March, malo amene wakabaza amafika ola limodzi nthawi yachilimwe amatha kumutengera theka la tsiku, mtengo n'kukweranso. Mafuta akasowa pa filling station, zonse zimasokonekera. Palibe pulatifomu yakunja imene imadziwa zimenezi. Mtengo wa ulendo ndimakambirana ndi kasitomala pa oda iliyonse, ndipo kukambirana kumafuna macheza, osati batani.

Ine ndili ndi akabaza atatu amene ndimawadalira, aliyense ndi chigawo chake. Lamulo ndi lakuti katundu akafika, ajambule wolandira ali ndi katunduyo, atamupempha kaye. Chithunzi chimenecho ndiye lisiti yanga, ndipo ndicho chimagulitsa geni yanga kuposa china chilichonse.

Ngati ogula anu ali ku Mzuzu, Lilongwe kapena Blantyre, nkhani ndi ya mabasi ndi makampani onyamula katundu monga CTS ndi Speed Courier. Dziwiranitu ofesi yawo yapafupi, masiku onyamuka ndi mitengo yawo, ndipo muuzeni wogula asanalipire kuti ndalama yotumizira ndi ya ndani. Mikangano yambiri ya malonda a pa intaneti imayambira pamenepa.

Funso lachinayi: mulipira zingati, ndipo m'ndalama yanji?

Tsopano tifike pa mayina akuluakulu aja.

Shopify ndi kampani ya ku Ottawa, Canada, yomwe inayamba mu 2006. Ubwino wake ndi woti simufunika kudziwa zamakompyuta. Mumasankha maonekedwe, kuika zithunzi ndi mitengo, sitolo yatheka. Koma mumalipira mwezi ndi mwezi, m'madola, pogwiritsa ntchito khadi, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Njira yawo yolandirira ndalama, Shopify Payments, siigwira ntchito ku Malawi, choncho mumayenera kulumikiza kampani ina, ndipo mukatero Shopify imadulanso kake pa malonda alionse. Onjezerani pamenepo vuto la kusowa kwa ndalama zakunja, limene limachititsa kuti kulipira chinthu cha kunja ndi khadi la banki ya kuno kusakhale kwapafupi. Mwezi umene khadi lakana, sitolo yanu ili pachiswe. Ndipo kwacha ikagwa ngati mu 2023, lendi ya sitolo yanu imakwera usiku umodzi wokha, inu musanagulitse kanthu.

WooCommerce ndi yosiyana. Inatuluka mu 2011 kuchokera ku kampani ya WooThemes, imene ena mwa oiyambitsa anali a ku Cape Town, ndipo mu 2015 inagulidwa ndi Automattic. Ndi pulogalamu yaulere yomwe imaikidwa pa webusaiti ya WordPress. Koma mawu akuti "yaulere" asakunamizeni. Pulogalamu ndiyo yaulere. Domain ndi hosting mumalipira chaka ndi chaka, ndipo pamafunika munthu woisamalira kuti isathyoledwe ndi akuba. Ubwino wake ndi woti sitolo imakhala yanuyanu, mutha kuisamutsa, ndipo mutha kupeza kampani ya hosting ya kuno yolandira makwacha. Dzina lothera ndi .mw limalembetsedwa kudzera ku Malawi SDNP.

Masamu ake ndi osavuta. Phatikizani zonse zimene pulatifomu ikudyereni pachaka, mugawe ndi phindu limene mumapeza pa oda imodzi. Yankho lake ndi chiwerengero cha maoda amene mudzagwirire ntchito pulatifomuyo musanadyepo kanthu inuyo. Ine nditachita masamuwa mochedwa, ndinapeza kuti R3 000 ija ikanagula katundu wodzaza mashelefu awiri, n'kuzungulira kangapo chaka chisanathe.

Sindikunena kuti webusaiti ndi yachabe. Mnzanga wina amagula uchi kwa alimi a kufupi ndi nkhalango ya Perekezi, n'kuuika m'mabotolo okhala ndi dzina lake. Ogula ake ndi malo ogona alendo ndi mashopu a ku Lilongwe. Anthu amenewo amafufuza pa Google, amafuna invoice, amafuna imelo yokhala ndi dzina la kampani, ena amalipira ndi khadi. Kwa iyeyo webusaiti ndi chida chogwirira ntchito. Katundu wake ndi wa mitundu yochepa, saonongeka msanga, ndipo mtengo susintha tsiku ndi tsiku. Ine ndi iye tili m'boma limodzi, koma ogula athu ali m'misika yosiyana.

Mukafika poti webusaiti ikufunikadi, gwirani zinthu zitatu izi. Domain ilembedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu. Mapasiwedi onse akhale m'manja mwanu tsiku lomwe mwamaliza kulipira. Ndipo wokupangiraniyo asachoke musanaphunzire kusintha mtengo ndi chithunzi nokha, pafoni yanu, osati pa laputopu yake.

Funso lachisanu: zikatsekedwa mutsala ndi chiyani?

Ambiri tikukumbukira pa 4 October 2021, pamene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kuyambira chakumadzulo mpaka pakati pa usiku. Ena tinathimitsa ndi kuyatsa mafoni kangapo, tikuganiza kuti ndi netiweki. Tsiku limenelo linatikumbutsa kuti pa mapulatifomu onsewa ndife alendi. Mwini nyumba ali kutali, ndipo akhoza kusintha malamulo kapena kutseka chitseko osatifunsa.

Nthawi zina wotseka chitseko amakhala wakuba. Mlamu wanga uja analandira foni kuchokera kwa munthu wonamizira kuti akumulowetsa m'gulu la mapemphero, n'kumupempha manambala asanu ndi imodzi amene anali atangolowa pa SMS. Anapereka. Mphindi zochepa, WhatsApp yake inali m'manja mwa wina, yemwe anayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ake onse m'dzina lake. Akauntiyo anaibweza, koma ena mwa makasitomala sanabwererenso.

Choncho lero lomwe, lowani mu settings muyatse two-step verification, pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe. Nambala iliyonse yobwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atanena kuti ndi abusa. SIM ya geni ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha m'bale, kuti ikatayika mukathe kuibwezeretsa.

Ndipo gulani kope. Inde, kope lachikuto cholimba. Langa lili ndi dzina la kasitomala aliyense, nambala yake ya ku Joni, mudzi wa kwawo, nambala ya wolandira katundu, ndi zimene amakonda kuoda. Ndinakoperanso zonsezi pa Google Sheets. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ma followers 5 000 ndi a mwini pulatifomu. Manambala a m'kope ndiwo anu.

Koma manambalawo ndi a anthu, asamalireni. Malawi ili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe lili ndi gawo lokhudza malonda a pa intaneti ndi kuteteza ogula, komanso la Data Protection Act la 2024 lokhudza kasungidwe ka mbiri ya anthu. Ngakhale popanda lamulo, ulemu wamba ukutiuza kuti tisalowetse munthu m'gulu la WhatsApp tisanamupemphe, ndipo tisaponye chithunzi cha amayi ake pa Facebook ngati chotsatsira malonda iye asanavomere. Lembani poonekera dzina lenileni la bizinesi, malo amene muli, mtengo wonse, ndi chimene mumachita katundu akafika woonongeka. Pa intaneti pali akuba ambiri, moti wogulitsa wooneka nkhope ndi malo ake amakhala kale patsogolo.

Mmene sitolo yanga ilili lero

Tsamba la Facebook ndi chikwangwani, limaitana odutsa. WhatsApp Business ndi kauntala, pamene timakambirana ndi kugwirizana mtengo. Airtel Money, Mpamba ndi Mukuru ndi kabati ya ndalama. Akabaza atatu ndi magalimoto anga. Kope ndi ofesi. Zimene ndimalipira pamwezi ndi bandulo, ndi ndalama yotchajira power bank magetsi akazima.

Tsiku lina mwina ndidzatsegulanso webusaiti. Ndinadziikira chizindikiro: maoda akadzachuluka moti sindikuthanso kuyankha aliyense tsiku lomwelo, kapena akadzayamba kubwera ogula ofuna kulipira ndi khadi. Tsikulo likadzafika, webusaitiyo idzakhala yopepuka, yotseguka ngakhale netiweki ili ndi kadontho kamodzi, ndipo batani lake lalikulu lidzakhala la WhatsApp.

Akulu anga anabwera mu August, nthawi ya Umthetho ku Hora. Ndinkaopa kuti nkhani ya R3 000 ituluka. Anakhala m'golosale masana onse akuonerera. Foni inkangolira, ine ndikumvetsera ma voice note, kulemba m'kope, kulongedza. Chakumadzulo wakabaza anatumiza chithunzi cha agogo ena a ku Manyamula atakumbatira botolo la mafuta ophikira, pamodzi ndi mawu awo akuti, "Yewo chomene, mwana wane." Ndinatumiza zonse kwa mdzukulu wawo ku Joni, ndipo pasanathe mphindi ziwiri anayankha kuti mnzake wa kuntchito akufunanso nambala yanga.

Akulu anatenga kope lija, n'kulitsegula tsamba ndi tsamba, akuwerenga mayina a anzawo.

"Ndiye webusaiti ija inathera pati?" anafunsa.

"Inatseka, akulu."

Anakhala chete pang'ono, kenako n'kubweza kope. "Chabwino. Koma uligulire pulasitiki kopeli, mvula ikubwera."

Atabwerera ku Joni, oda yawo yoyamba inabwera pa voice note monga kale: shuga mapaketi anayi, sopo, mchere, mafuta malita awiri. Pomaliza anati, "Usaiwale chithunzi."